Maso alibe mpanda, komatu ifenso tanyanya

Pali ntchito ina imene a Malawi ambiri tikuigwira usana ndi usiku popanda malipiro, ndipo m'malo moti tilandire kangachepe, ndife amene tikulipira. Ntchito yake ndi yosuzumira m'miyoyo ya eni. Kwerani minibasi ya ku Ndirande kapena ya ku Area 25 nthawi yoweruka, muponye diso pa mafoni a anthu amene mwapanikizana nawo pampando. Si onse akufufuza mtengo wa feteleza ai. Mayi uyu wakulitsa chithunzi cha mkazi wina ndi zala ziwiri kuti aonetsetse ngati tsitsi lija n'lake kapena logula. Mnyamata uyo wabwerera m'mbuyo zaka zitatu pa Facebook ya mtsikana amene adamukana, akuwerenga mmodzimmodzi amuna onse amene adaikapo ndemanga. Ndipo inu amene mukuyang'ana m'mafoni awowo, dziwani kuti mwalowa kale m'gulu lomweli.

Mukafunsa chifukwa chake, yankho limabwera msanga. Ati ndi ulova, ati ndi nsanje, ati ana a masiku ano alibe chochita. Ine yankho limeneli silindikwanira. Mayi wa geni amene amadzuka 4 koloko m'mawa kukapikula tomato si lova, komatu asanatseke chitseko waona kale ma status a anzake onse a mumsika. Mphunzitsi wa ku yunivesite si lova. Abusa nawonso si malova, koma amadziwa bwino lomwe kumene mtsogoleri wa kwaya adagona Loweruka. Tonse tili momwemo, ophunzira ndi osaphunzira omwe, choncho payenera kukhala chifukwa china choposa kusowa ntchito.

Choyamba tivomereze kuti njala yofuna kudziwa za eni sidabwere ndi foni. Agogo athu adali nayo kumtondo, kudambo, pabwalo la bawo, ngakhale pasiwa penipeni anthu akuchezera maliro. Katswiri wina wa ku Britain, Robin Dunbar, adatulutsa buku mu 1996 momwe adafotokoza kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nthawi imene anthu amacheza imathera pa nkhani za anthu: uje watani, uje akuyenda ndi yani, uje wayambana ndi ndani. Iye adati monga anyani amalimbitsa ubale potolana nsabwe m'ubweya, ife anthu timaulimbitsa pouzana za anzathu. Abambo asafulumire kuloza amayi chala, chifukwa mkuluyu sadapeze kusiyana kwenikweni pakati pa amuna ndi akazi pa nkhaniyi. Kungoti miseche ya abambo imachitikira m'bala ndipo amaitcha ndale.

Ndiponso njala imeneyi idali ndi ntchito yake. Mnyamata akapeza mbeta kumudzi wina, amalume ake sankangonyamuka kukafunsira. Ankayamba atuma munthu kukanunkhiza: banja lija n'lotani, kodi n'lakhama pa khasu, mulibe khalidwe lakuba, nanga maukwati a azakhali ake adalimba? Munthu asanabwereketse mbuzi kapena thumba la chimanga ankayamba wamva kwa ena ngati wobwerekayo amabweza. Kumudzi kopanda mabanki ndi mabuku a ngongole, mbiri ya munthu ndiyo idali chikole chake, ndipo mbiriyo inkasungidwa m'kamwa mwa anthu. Wosamva za anzake ankadyeredwa masuku pamutu.

Komatu kumjigo kudali malire. Ndowa ikadzaza, nkhani yathera pomwepo, aliyense asenze apite. Wofuna kusuzumira m'nyumba ya mnzake ankayenera kudzuka, kuyenda, kuima kuseri kwa nkhokwe, agalu n'kumuuwa, ana n'kumuona. Wofalitsa bodza ankadziwika dzina, ndipo nkhani ikafika kwa amfumu ankalipira nkhuku. Manyazi ndiwo adali mpanda. Lero mpanda umenewu udagwa. Munthu ali m'bulangete 1 koloko usiku, maso ali dwii pa kagalasi, akuyendera nyumba makumi awiri popanda galu womuuwa. Palibe ndowa imene imadzaza. Ukafika pansi pa tsamba, lina likutuluka.

Tsono chimene timafuna m'nyumba za enizo n'chiyani? Nthawi zambiri timadzifuna tokha. Mu 1954 katswiri wa maganizo a anthu wa ku America, Leon Festinger, adafotokoza kuti munthu akasowa muyeso weniweni wodziyezera, amadziyeza ndi anthu anzake, makamaka amene akufanana naye. Palibe sikelo yoti ukwerepo ikuuze ngati pa zaka 28 moyo wako ukuyenda bwino. Ndiye umatsegula tsamba la amene mudakhala naye desiki limodzi ku Fomu 4. N'chifukwa chake chuma cha Elon Musk sichitisowetsa tulo, koma kagalimoto kakale ka mnzathu amene tinkamuposa masamu kamatibaya pamtima sabata yathunthu. Ophunzira a ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu ndi ku Chichiri mukudziwa zimene ndikunena. Mukamaliza maphunziro, chaka choyamba mumaimbirana. Chachiwiri mumangoonerana ma status, kuwerenga amene wapeza ntchito ku bungwe, amene wakwera ndege, amene watomeredwa.

Ofufuza a mayunivesite awiri a ku Germany adapeza mu 2013 kuti mwa anthu atatu alionse amene adawafunsa, mmodzi ankatuluka pa Facebook ali wokhumudwa kuposa m'mene adalowera. Zimene zinkawapweteka kwambiri ndi zithunzi za anzawo ali pa tchuthi, ndipo ovulala koposa adali aja ongoyang'ana mwakachetechete osalembapo kanthu. Amenewotu ndi azungu a m'dziko lolemera. Nanga ife amene nyimbo ya fuko lathu, imene adapeka Michael Sauka ndipo tidayamba kuimba mu 1964, idaika nsanje m'gulu la adani pamodzi ndi njala ndi matenda?

Chomvetsa chisoni n'chakuti chimene tikudziyezeracho n'chabodza, ndipo tikudziwa. Akale adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Matchona a kale akafuna kutumiza chithunzi kumudzi ankalowa m'situdiyo, kubwereka jekete, kugwira lamya yopanda chingwe, kumbuyo kuli nsalu yojambulidwa nyumba zosanja. Kumudzi ankati mwana wathu walemera. Lero mnyamata wa ku Mangochi kapena ku Mzimba amene ali ku Joni amajambulitsa atatsamira galimoto ya bwana wake ku Sandton, koma sajambula kachisakasa ka malata kamene amagona anthu asanu. Mlongo wake kumudzi akaona chithunzicho akuti achimwene akutimana. Mnzake wa kumudzi akaona, akugulitsa mbuzi za amake kuti naye akwere basi. Chithunzi chimodzi chabodza chayambanitsa abale n'kusamutsa munthu.

Ndisaiwale kuti sikelo imeneyi timaigwiritsanso ntchito chozondoka. Tikatopa kuyang'ana amene atiposa, timasaka amene agwa. Taonani liwiro limene kanema wa munthu wogwidwa ndi mkazi wa mwini amayendera. Pofika masana wafika ku Karonga ndi ku Nsanje. Anthu amatumizirana ati pomvera chisoni, ati kuti ena atengerepo phunziro. Bodza. Kamtima kamakhala kakuti phee, kakunong'ona kuti bola ine. Munthu amene lendi yamuvuta mwezi uno amapeza mpumulo pang'ono poona kuti bwana uja banja lake lili pa moto.

Kwa inu a malonda, nkhaniyi ili ndi mbali ina imene sindingakudzudzuleni nayo. Status idasanduka shelefu. Kuyambira pamene WhatsApp idabweretsa ma status otha pa maola 24 mu 2017, wogulitsa zitenje, nsapato, mafuta odzola ngakhale nkhuku amayala katundu wake pamenepo. Amene amaona koyamba si kasitomala ai, ndi mnzake wa benchi loyandikana. Akufuna adziwe kuti belo la kaunjika latsegulidwa liti, madiresi aja akuchokera ku Dar es Salaam kapena ku Lusaka, ndipo akugulitsa bwanji. Pamene Reserve Bank idagwetsa kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo inkasintha munthu ali m'njira. Amene sadasuzumire kwa anzake adagulitsa katundu pa mtengo wa dzulo, popita kukaoda n'kupeza mpamba sukukwana. Kusuzumira kotere ndi nzeru za msika, ndipo ku Limbe ndi ku Tsoka kudalipo foni isanabwere.

Palinso ngongole. Mlembi wa banki m'khonde amene membala wake wadumpha masabata atatu akuti mwana akudwala, ndiye Lamlungu akuona membala yemweyo pa status ali ku nyanja ku Salima, chambo chili pambale, mumuuza kuti asayang'ane? Ndalamazo ndi za amayi khumi ndi asanu. Ayang'ana basi, ndipo ajambula. Wangongole naye adachenjera, amabisa status yake kwa onse amene ali nawo ngongole. Mlembi amabwereka foni ya mlamu wake. Mpikisano umenewu ukuchitika m'tauni iliyonse, ndipo pena umaseketsa, kungoti mapeto ake amakhala kulandana mafiriji.

Koma wamalonda akumbukire kuti maso amene ali pa iye si a makasitomala ndi opikisana nawo okha. Mukalemba kuti ulendo wa ku Dar wayambika, muli pa Songwe, mwauza anthu mazana atatu kuti m'chikwama muli ndalama ndipo kunyumba kwatsala ana okha. Mwa mazana atatuwo, ndi angati amene mumawadziwa nkhope? Ambiri ndi manambala amene mudasunga chifukwa adafunsapo mtengo wa nsapato chaka chatha. Abale akumudzi nawonso ali tcheru. Kungoonetsa sofa yatsopano, mawa lake mauthenga a fizi ndi feteleza ayamba kugwa ngati matalala.

Kumene mchitidwewu wafika poipa kwenikweni ndi m'chikondi. Apa ndiye anthu akuonda. Kale mwamuna akachedwa, mkazi ankangodikira ndi nkhawa yake, ndipo m'mawa ankamva bodza limodzi n'kusankha kulikhulupirira kapena ai. Lero foni imapereka timaumboni ting'onoting'ono tosatha. Wati wagona 9 koloko, nanga bwanji akuoneka kuti adali pa WhatsApp 12 koloko? Timizere tiwiri tabuluu, timene kampaniyi idabweretsa mu November 2014, tikuonetsa kuti wawerenga, nanga osayankha bwanji? Mtsikana uyu amene amaika kamtima pa chithunzi chilichonse ndi ndani? Kalikonse mwa timeneti kali ndi matanthauzo khumi, ndipo mtima wa nkhawa umasankha loipitsitsa.

Mu 2009 ofufuza a ku yunivesite ya Guelph ku Canada, motsogozedwa ndi Amy Muise, adafunsa ophunzira 308 ndipo adapeza kuti amene ankakhalitsa pa Facebook ndiwo adali ndi nsanje yambiri pa zibwenzi zawo. Adafotokoza kuti zimazungulira: waona kanthu kosamveka bwino, wakayika, wabwereranso kukafufuza, wapeza kena kosamveka bwino. Mu 2012 Tara Marshall wa ku yunivesite ya Brunel ku London adafunsa anthu 464 za zibwenzi zimene zidatha. Amene ankapitirizabe kuyendera tsamba la wokondedwa wakale ndiwo ankavutika mtima kwambiri ndi kuchedwa kuchira. Zili ngati chilonda chimene ukuchitokosa m'mawa uliwonse kuti uone ngati chapola. Kale chibwenzi chikatha, wina ankasamukira ku Kasungu ndipo nkhope yake inkazilala m'maganizo. Lero ali m'thumba mwako, akumwetulira ndi wina, ndipo bandulo yoonera zimenezo wagula wekha.

Pano ndiyenera kuchita chilungamo. M'dziko limene Edzi yatenga abale athu ochuluka chotere, mkazi amene akukayikira mwamuna wake sakuchita masewera. Chimene akuopa si manyazi okha, ndi moyo wake ndi wa ana ake. Sindingaime pano n'kumuuza kuti angokhala phee. Koma foni siyankha funso limene likumuvutalo. Akapeza uthenga, mtima wasweka ndipo za magazi ake sakudziwabe. Akapanda kupeza, akuti wafufuta. Funso la magazi limayankhidwa ku chipatala, awiri mutapitira limodzi, ndipo wokana kupita wakuuzani zambiri kuposa zimene mukadapeza m'foni mwake.

Ndiye pali abambo ena amene amati foni ya mkazi ndi yawo chifukwa adagula ndi iwo. Nambala yachinsinsi ya mkazi aidziwe, koma yawo amapita nayo ndi kubafa komwe. Ena amafika polumikiza WhatsApp ya mkazi ku chipangizo china kuti aziwerenga zonse ali ku ntchito. Uthenga wa msuwani ukalowa usiku, mbama. Ankhoswe a masiku ano akuweruza milandu ya ma screenshot kuposa ya ndiwo. Kumeneku sikusuzumiranso ai, ndi kumanga munthu ndi chingwe chosaoneka, ndipo mbama ija ndi nkhanza za m'banja zimene lamulo la 2006 lidaletsa, kaya foni adagula ndani.

Tsono tisamangodzida tokha ngati kuti ndife a mitima yoipa kuposa makolo athu. Pali anthu amene amadya chifukwa cha kusuzumira kwathuku, ndipo nyumbayi adaimanga dala ndi mawindo okhaokha. Mbiri yake imanena yokha. Mu 2003, Facebook isanabadwe, Mark Zuckerberg ali wophunzira ku Harvard adapanga tsamba lotchedwa Facemash, pomwe adaika zithunzi za ophunzira anzake popanda chilolezo kuti anthu azisankha wokongola mwa awiri. Akuluakulu a sukulu adalitseka patangopita masiku ochepa. Facebook idadza mu 2004, ndipo poyamba munthu ankayenera kupita yekha pa tsamba la mnzake kuti aone zatsopano. Mu September 2006 kampaniyi idayamba kusonkhanitsa zochita za anzako onse n'kukuikira pakhomo. Anthu masauzande ambirimbiri adakwiya, adati uku n'kulondalonda anthu. Koma mkwiyowo udafalikira kudzera m'njira yatsopano yomweyo, ndipo eni kampani adaona kuti anthu akudandaula uku akuyang'anabe, kuposanso kale. Sadaichotse.

Akatswiri a makampani amenewa amadziwa zimene B. F. Skinner adapeza pa nkhunda zaka za m'ma 1950. Nkhunda imene imalandira chakudya mwa apo ndi apo, osadziwa kuti chigwa liti, imajompha kabatani kosalekeza kuposa imene imalandira nthawi zonse. Ndi nzeru yomweyo imene imagwira anyamata athu m'nyumba zobetchera mpira. Ma status makumi atatu ndi a mavesi ndi maluwa, koma la 31 mwina muli mkazi wa neba akulalatira mwamuna wake mophiphiritsa. Ndiye chala chimangoyendabe. Mphindi iliyonse imene chala chikuyenda, kampani ikukuonetsa malonda kapena ikuphunzira za iwe. Meta, mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, idapeza ndalama pafupifupi madola 135 biliyoni mu 2023, pafupifupi zonse kuchokera kwa otsatsa malonda. Ndalama imeneyi ndi pafupifupi kakhumi chuma chonse chimene dziko la Malawi limapanga pa chaka.

Kuno kwathu msampha uli ndi chingwe chachiwiri. Makampani a mafoni amagulitsa mabandulo a WhatsApp ndi Facebook paokha, motsika mtengo kuyerekeza ndi intaneti yonse. Kwa wophunzira amene watsala ndi timakobidi, khomo lotsika mtengo ndi lolowera m'nyumba za anthu, pamene lolowera m'laibulale ndi lodula. Ambiri akamati ndili pa intaneti amatanthauza masamba a mchezo basi. Taonaninso kuchenjera kwa WhatsApp: ukabisa nthawi imene udalowa komaliza, nawenso suona za anzako, ndipo ukazimitsa timizere tabuluu, suonanso amene ayang'ana status yako. Anthu ambiri amasankha kukhala pambalambanda kusiyana n'kutaya mwai woona za ena. Ena amathawira ku GB WhatsApp, imene si ya kampaniyi, kuti aziona ma status mobisa ndi kuwerenga mauthenga ofufutidwa, osadzifunsa kuti amene adaipanga akuona chiyani m'foni mwawo. Mu 2018 zidaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica idapeza mbiri za anthu a pa Facebook amene akadatha kufika 87 miliyoni, ambiri mwa iwo osadziwa kanthu. Wosuzumira pa windo la mnzake, kumbuyo kwake kuli winanso akumulemba m'buku.

Mau akuti kulemba m'buku akundifikitsa pa chimene chimandiwawa koposa. A Malawi amene adakula chisanafike chaka cha 1993 akudziwa tanthauzo lokhala m'dziko la akazitape. Munthu asanatchule dzina la Kamuzu m'bala ankayamba wacheuka. Makalata ankafika atatsegulidwa. Mnzako wa mu ofesi, wophunzira wako, ngakhale mlamu wako, sunkadziwa amene amanena ku Special Branch kapena kwa apayoniya. Jack Mapanje adatengedwa ku Zomba mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Anthu adavota pa 14 June 1993 atatopa ndi zambiri, ndipo china mwa izo chidali kukhala ndi khutu la boma pakhoma la nyumba. N'chifukwa chake amene adalemba malamulo a dziko lino mu 1994 adaikamo gawo 21, lopatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, kuphatikizapo makalata ndi mauthenga ake a pa lamya.

Lero ntchito imene boma lija linkalipira anthu kuti aigwire, tikuigwira tokha mwaulere. M'gulu lililonse la WhatsApp, la mpingo, la kalasi, la mavenda, la banja, muli mmodzi amene salankhula koma amajambula. Mwakamba zakukhosi za abwana, m'mawa screenshot ili pa desiki yawo. Mu February 2016 akuluakulu atatu a chipani cha MCP adamangidwa macheza awo a pa WhatsApp atatulukira kunja. Iwo atalowa m'boma zinthu sizidasinthe, pakuti mu 2022 ndi mu 2024 tidamva za anthu wamba amene adamangidwa chifukwa cha zimene adaika m'magulu a WhatsApp zokhudza pulezidenti. Apolisi sakhala m'magulu onse a m'dziko muno. Nthawi zambiri pamakhala wina wa m'gulu momwemo amene wanyamula nkhani. Anthu ayambanso kucheuka asanalankhule, kungoti tsopano amacheuka m'foni.

Ena anena kuti, aaa, inu a nkhani, munthu waika yekha chithunzi, ife tatani? Maso alibe mpanda. Zoona, ndipo amene amaika moyo wake wonse pa status, kuyambira phala la m'mawa mpaka ndeu ya usiku, asadabwe anthu akamudziwa kuposa amake. Ambiri timaika dala kuti ationere, kenaka n'kumawerenga maina a amene aona, kusaka dzina limodzi lija. Koma taganizani za mayi amene wayanika zovala pa chingwe kuseri kwa nyumba. Wodutsa m'njira akaona, palibe mlandu. Nanga amene amabwera tsiku ndi tsiku, kuima pa mpanda, kuwerenga zovala zam'kati, kuzijambula, n'kukaonetsa kumsika? Nanga amene wadumpha mpandawo n'kukatsegula sutikesi? Onsewa anena kuti maso alibe mpanda, koma mudzi uliwonse umadziwa kuti woyamba ndi wodutsa, wachiwiri ndi wamiseche, wachitatu ndi mbala. Pa foni tasokoneza atatuwa n'kuwapatsa dzina limodzi.

Lamulo lathu lidayesa kuwasiyanitsa. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 siletsa kuyang'ana zimene munthu waika poyera, koma imaletsa kulowa m'foni kapena kompyuta ya wina popanda chilolezo, ndiponso kuvutitsa munthu mobwerezabwereza ndi kumuopseza kudzera m'zipangizo zimenezi. Mu 2024 padabweranso lamulo loteteza mbiri za anthu, limene bungwe la MACRA lidapatsidwa kuti liziyang'anira. Pa pepala zili bwino. Koma funsani m'makoleji mwathu kuti ndi atsikana angati amene mnyamata wokanidwa amawatsata pa tsamba lililonse, akamubuloka n'kubwera ndi nambala ina, akudziwa chimene avala lero ndi kumene adali dzulo, akuopseza kuti amwaza zithunzi. Ambiri sadziwa n'komwe kuti umenewu ndi mlandu, ndipo odziwawo amaopa kuti akakanena, funso loyamba likhala lakuti unkajambulitsiranji. Milandu ya lamuloli imene imamveka m'manyuzi ndi pa wailesi kawirikawiri imakhala ya wina amene wanyoza munthu wamkulu, ndipo pamenepo galimoto ya apolisi sisowa mafuta. Lamuloli lakhala m'mabuku kuyambira 2016. Tikudikira tsiku limene tidzamve kuti galimoto yomweyo yanyamuka ndi liwiro lomwelo chifukwa cha dandaulo la mtsikana wa chaka choyamba.